The Last of Us: kodi mfuti inali m'manja mwa ndani?

Mkangano wa The Last of Us ukukana kutha. Ciyambile pa 15 January 2023, tsiku limene HBO inaonetsa gawo loyamba, anthu ali pawili. Ena akamba kuti sipanakhalepo filimu ya pa TV imene inalemekeza gemu yake monga iyi. Ena akuti ni cithunzi cokongola cabe ca cinthu cimene cinali na moyo. Sizoni yaciwili itafika mu April 2025, moto unangoonjezeka. Nafenso tili na mbali yathu, ndipo tiikamba poyela. Koma tiyambe tacenjeza: pano tiulula mathelo onse, a gemu na a filimu omwe. Ngati mukali kutamba, pitani mukatsilize, mudzatipeza.

Maganizo athu ni awa. Monga filimu, The Last of Us ni yabwino kwambili, ndipo pali malo amene yaposa gemu. Koma pa cinthu cimodzi cimene cinacititsa kuti gemu ija isaiwalike, filimu siifikapo, ndipo sitiona mmene ikanafikilapo. Mu filimu timatamba Joel akupha anthu m'cipatala. Mu gemu ndife timawapha.

Kwa amene nkhaniyi ni yacilendo, tiifotokoze mwacidule. Gemu inatuluka mu June 2013 pa PlayStation 3, yopangidwa na kampani ya Naughty Dog ya ku California. Neil Druckmann ndiye analemba nkhani, ndipo anatsogolela nchito pamodzi na Bruce Straley. M'nkhaniyi dziko lawonongeka na matenda ocokela ku bowa wochedwa Cordyceps. Bowa ameneyu aliko zoona. M'nkhalango zotentha amalowa m'thupi la nyelele, n'kuiyendetsa mpaka ikwele pa tsamba, ilume, ifele pomwepo, iye n'kumela kucokela m'mutu mwake. Olemba anangofunsa kuti, nanga atayamba kugwila anthu? Patapita zaka 20 cigwele mlili, Joel, mwamuna amene mwana wake wamkazi Sarah anawombeledwa na msilikali usiku woyamba, apatsidwa nchito yozembetsa Ellie, mtsikana wa zaka 14, kum'cotsa mu mzinda wa Boston. Ellie analumidwa koma sanadwale. Gulu loukila boma lochedwa Fireflies likhulupilila kuti mwa iye mungacoke katemela. Ulendo umene unayenela kukhala wa usiku umodzi ukhala wa pafupifupi caka, kudutsa America mpaka ku Salt Lake City.

Osewela magemu anali na cifukwa coopela. Anakumbukila filimu ya Super Mario Bros ya mu 1993, imene inangobwelekako maina. Anali atangoona Halo ya mu 2022, mmene Master Chief anavula cisoti cake m'gawo loyamba lomwe, cinthu cimene magemu anakhala akucipewa kwa zaka. Apa zinthu zinali zosiyana. Druckmann mwini wake anakhala pansi na Craig Mazin, amene analemba Chernobyl ya mu 2019. Gustavo Santaolalla wa ku Argentina, amene anaimba nyimbo za mu gemu, anaimbanso za mu filimu. Merle Dandridge, amene anali Marlene, mtsogoleli wa Fireflies, mu gemu, anabwelanso monga Marlene. Troy Baker, Joel wa mu gemu, anapatsidwa kambali m'gawo la 8. Ashley Johnson, Ellie wa mu gemu, anasewela Anna, mayi wobeleka Ellie, m'gawo lothela. Conco palibe anganene kuti mwana analeledwa na alendo. Eni ake analipo.

Ndiye cifukwa cake madandaulo ena sitiwapatsa mpando. Inde, mu gemu mlili unayamba mu 2013, mu filimu mu 2003. Inde, mzinda wa Pittsburgh unasinthidwa kukhala Kansas City. Mu gemu anthu amavala mamasiki poopa tumbewu twa bowa touluka mu mpweya, pamene sizoni yoyamba inacotsa zimenezo n'kuikapo timizu totuluka m'kamwa mwa odwala. Palibe cimodzi mwa izi cimene cinathyola nkhani. Ndipo aja amene anathela miyezi akunyoza nkhope ya Bella Ramsey pa intaneti, ati safanana na Ellie wa mu gemu, anali kukangana za cikuto buku asanalitsegule. Ramsey anagwila mkamwa woipa wa Ellie, nthabwala zake zosaseketsa, na mantha ake osiyidwa yekha. Ndizo zimene zimapanga Ellie.

Tiyeni tipeleke ulemu pamene uyenela. Gemu imamangilila kamela kumsana kwa munthu mmodzi. Kumene Joel sanapite, nafe sitipita. Filimu ilibe cingwe cimeneco, ndipo inagwilitsa nchito bwino ufulu wake. Gawo laciwili liyambila ku Jakarta mu 2003. Asilikali atenga mayi wina, pulofesa wa za bowa, kuti akaone mtembo wa wanchito wa pa fakitale ya ufa. Ataona, afunsidwa za mankhwala, ndipo ayankha kuti kulibe, cotsala ni kuphulitsa mzinda wonse na mabomba. Ndiyeno apempha kuti am'pelekeze kunyumba akakhale na banja lake. Palibe cilombo cothamanga, palibe mfuti, koma mantha a pa mphindi zimenezo aposa malo ambili a mu gemu.

Nkhani ya Bill na Frank ndiyo inasinthidwa kwambili. Mu gemu, Bill ni munthu wokwiya-kwiya amene akhala yekha m'tauni ya Lincoln, atachela misampha paliponse. Timathela maola tili naye tikufunafuna batile ya motoka, ndipo Frank timam'peza atadzimangilila kale, atasiya kalata yokamba kuti anali kudana na Bill. Zakuti amuna awiliwa anali okondana, gemu imangozikhudza m'mbali. Gawo lacitatu la filimu linatenga kam'mbali kameneko n'kukapanga nkhani ya zaka 16, kuyambila tsiku limene Frank anagwela m'dzenje la Bill mpaka usiku umene anafela pamodzi. Tidziwa kuti si onse anakondwela nalo gawoli, ndipo aliyense ali na zifukwa zake. Koma poona mmene nkhani inamangidwila, nchito yake ni yoonekelatu. Bill wa mu gemu ni cenjezo kwa Joel, kuti ukakana anthu onse udzakhala conco. Bill wa mu filimu, kupyolela m'kalata imene asiyila Joel, ni cilolezo: peza munthu mmodzi, um'teteze, ena onse aone okha. Maganizo amenewo ndiwo Joel afika nawo ku cipatala. Nick Offerman anapata mphoto ya Emmy pa gawoli, ndipo anaiyenela.

Cimodzi-modzi kwa Henry na mng'ono wake Sam. Mu filimu Sam anacepetsedwa msinkhu, ndipo ni wosamva, monga mmene alili Keivonn Woodard amene anam'sewela. Abale awiliwa akambilana na manja, ndipo ciliconse cimene Sam adziwa za dziko cidutsila mwa Henry. Olemba anaonjezanso kuti Henry anapeleka mtsogoleli wa oukila m'manja mwa asilikali kuti apeze mankhwala a khansa ya Sam. Uyu ni Joel wina amene wayamba kale kucita cimene Joel adzacita. Mu gemu Sam amabisa kuti walumidwa. Mu filimu auza Ellie, ndipo Ellie adziceka dzanja n'kupaka magazi ake pa bala la mnzake, poganiza kuti am'cilitsa. M'mawa mwake Sam wasanduka. Kuyambila apo timvetsa cifukwa cake Ellie afunitsitsa kuti kusadwala kwake kukhale na phindu. Apa filimu inaposa gemu, ndipo sitikayika.

Nayenso Joel wa Pedro Pascal ni munthu weni-weni kuposa wa mu gemu. Samva bwino khutu limodzi, maondo am'wawa, mtima umam'thamanga na mantha. Ku Jackson alila pamaso pa mng'ono wake Tommy, akuvomela kuti wakalamba ndipo aopa kuti adzaphetsa mwanayo. Joel wa mu gemu sakanakhala wofooka conco, cifukwa tinali kum'funa kuti amenye adani mazana.

Ngati zili telo, cikusowa n'ciani? Kuti tiyankhe, tifunika kukumbukila zimene manja a wosewela amacita.

Gemu iyamba na Sarah. Ukagwila pad koyamba, munthu amene uyendetsa ni iye, kamtsikana kodzuka usiku m'nyumba yopanda anthu, kakuitana atate ake. Umam'yendetsa m'makwelelo, umayang'ana pa windo la motoka mzinda ukupsa. Ngozi ikacitika, pad ikupatsa Joel, ndipo Sarah amene unali iwe mphindi zapitazo tsopano ali m'manja mwako, wathyoka mwendo. Sungamenye, sungawombele, ungathamange cabe. Filimu inapatsa Sarah nthawi yaitali, tsiku lathunthu, ndipo Nico Parker anasewela bwino kwambili. Timam'konda, timam'lila. Koma sitinakhalepo iye, ndipo sitinam'nyamule.

Pambuyo pake pabwela maola ambili a tunchito tooneka topanda pake. Kunyamula makwelelo. Kukweza Ellie pa cipupa kuti akatsegule citseko. Ellie sadziwa kusambila, conco paliponse pali madzi ufunika kufunafuna thabwa, um'kwezepo, um'kankhe mpaka tsidya lina. Osewela ambili anadandaula kuti izi n'zotopetsa, ndipo zoona zimatopetsa. Koma aliyense amene analelapo mwana adziwa kuti cikondi cimamela m'nchito zotopetsa zomwezo, kusambika, kupelekeza ku sukulu, kudzuka usiku. Gemu imatenga maola pafupifupi 15, ndipo ambili a iwo ni oyenda cabe, Ellie akuphunzila kuliza mluzu kumbuyo kwako kapena akuwelenga nthabwala za m'kabuku kake. Palibe amakuuza kuti um'konde. Umangozindikila tsiku lina kuti akakhala cete, mtima wako sukhala m'malo. Sizoni yoyamba ili na magawo 9, ndipo awili a iwo, la Bill na la Riley, mnzake wa Ellie, akamba maka-maka zakale. Nthawi ya Joel na Ellie pa msewu inacepa, ndipo cikondi cawo timaciona cikukula mofulumila kuposa mmene cikanakulila mwa ife.

Palinso njala ya zipolopolo. Mu gemu ungalowe m'nyumba ya mdima uli na zipolopolo zitatu, njelwa imodzi na botolo. Odwala aja ochedwa Clickers saona, amamva cabe, ndipo akakugwila wafa. Umayenda cokwawa, mpweya utaugwila, manja ali thukuta. Mantha amenewa ni ako, cifukwa ukalakwitsa ndiwe wafa. Pa TV tidziwa kuti Pedro Pascal safa m'gawo laciwili.

Ndiyeno nyengo ya cisanu. Joel wavulala koopsa pa yunivesiti ya ku Colorado, cithunzi cida, ndipo cikabwelanso uli m'nkhalango, uta uli m'manja, ukusaka nyama. Amene uyendetsa ni Ellie. Gemu siikuuza ngati Joel ali moyo. Mwana amene wakhala ukum'teteza kwa maola khumi tsopano ndiwe, wocepa thupi, wosatha kumenya nkhonya monga Joel, ndipo ndiwe ufunika kupulumuka kwa David, mtsogoleli wa gulu lodya anthu anzawo. Gawo la 8 la filimu linatsatila zocitika izi mokhulupilika, ndipo Ramsey anaopsa. Koma kusintha kwa pad kucoka kwa tate kupita kwa mwana, kamela singakujambule.

Zonsezi zimatikonzekeletsa cipatala ca St. Mary's ku Salt Lake City. Joel adzuka, ndipo Marlene amuuza kuti madokotala akukonzekela opaleshoni. Bowa amamela mu ubongo, conco kuti apange katemela, Ellie afunika kufa. Palibe anam'funsa mwanayo. Mu gemu, apa pad ibwelela m'manja mwako. Ukwela nyumba ija, nsanjika na nsanjika, ukupha anthu amene akuyesa kupulumutsa dziko. Si mbala, si odya anthu. Ufika m'cipinda ca opaleshoni, dokotala aimilila pakati pa iwe na Ellie atagwila kampeni. Gemu iima, ikuyembekeza. Palibe khomo lina. Ungayime pamenepo mmene ufunila, koma nkhani siipita patsogolo mpaka iwe utam'pha. Ukatelo unyamula Ellie m'manja n'kuthamanga naye m'likole, monga unanyamulila Sarah poyamba paja.

Filimu inacita izi m'gawo lalifupi kwambili pa sizoni yonse. Joel ayenda m'cipatala nkhope ili gwa, phokoso la mfuti latsitsidwa, nyimbo yacisoni ikulila pamwamba. Ni mphindi zocepa, zojambulidwa mwaluso, ndipo zitiuza mmene tiyenela kumvela: ici n'coopsa, uyu munthu wataika. Tili pa mpando wa mboni. Tingapukuse mutu, tingamvele Joel cifundo, tingam'weluze. Ciliconse cimene tingasankhe, manja athu ni oyela.

Ndipo gemu ili na msampha wina wothela. M'mphindi zotsiliza, poyenda kupita ku Jackson, amene uyendetsa ni Ellie. Iwe wosewela udziwa zimene zinacitika, pakuti unazicita wekha, koma waikidwa m'thupi la amene akunamizidwa. Joel wamuuza kuti kunapezeka anthu ambili osadwala monga iye, ndipo madokotala analeka kufunafuna katemela. Ellie am'pempha kuti alumbile. Joel alumbila. Ellie ayankha na liu limodzi lalifupi, ndipo gemu itha. Filimu inabweleza mau amenewa pafupifupi ndendende. Mau ni omwewo, koma kulemela kwake n'kosiyana kwa munthu amene anali wakupha mphindi khumi zapitazo ndipo tsopano ni wonamizidwa.

Pali amene angatitsutse, ndipo mfundo yawo ni yamphamvu. Akamba kuti wosewela alibe mlandu, cifukwa gemu siim'patsa cosankha. Druckmann ndiye analemba kuti dokotala afe, wosewela angodina batani, ndipo kudina batani sikusiyana na kutembenuza tsamba la buku. Ife tiyankha tele. Pa ukwati kapena pa malilo, akulu ndiwo amalamula kuti mbuzi iphedwe, ndipo onse amadya. Koma funsani mnyamata amene anapatsidwa mpeni tsiku loyamba ngati iye na odya anaona cinthu cimodzi. Cosankha sicinali cake, dzanja linali lake. Ndiponso cosankha cimodzi cilipo, kuika pad pansi na kuzima PlayStation. Amene tinafika pa cipinda cija tidziwa kuti sitinazime. Ambili a ife sitinazengeleze n'komwe. Tinali titanyamula makwelelo ambili kuti tilole munthu wovala zoyela atilande mwana. Gemu imakuonetsa zimene ungacite, ndipo pambuyo pake ufunika kukhala nazo.

Ena akamba kuti ciwawa ca mu gemu n'cochipa. Pofika ku cipatala, Joel wa mu gemu wapha kale anthu osawelengeka, conco khumi ena sasintha kanthu, pamene filimu inasunga ciwawa kuti cikafika cipweteke. Apa tiwavomeleza theka. N'zoona kuti kupha kwa m'cipatala kumadzidzimutsa kwambili pa TV. Koma posunga ciwawa, filimu inasunganso odwala. Pambuyo pa gawo lacisanu, lija la khamu lotuluka pansi ku Kansas City, odwala saonekanso kweni-kweni. Mu gemu amakupha kambili-mbili, ndipo pofika ku Salt Lake City udziwa na thupi lako cifukwa cake dziko lifunika katemela. Mu filimu, Jackson ili na magetsi, sukulu na nkhosa, ndipo munthu angafunse kuti, kodi katemela ni wofunika motelo? Ngati mtengo wa cosankha ca Joel suoneka, cosankhaco cipepuka.

Sizoni yaciwili inaonetsa vuto ili poyela. Gemu yaciwili, imene inatuluka mu June 2020, yonse inamangidwa pa funso lakuti pad ili na ndani. Kuciyambi, mtsikana wosadziwika dzina lake Abby apha Joel mwankhanza na ndodo ya gofu, Ellie akuona. Sitiuzidwa cifukwa. Timadana naye, ndipo monga Ellie timapita ku Seattle kukam'saka, masiku atatu, tikupha anzake mmodzi-mmodzi. Adani a mu gemuyi amaitanana maina, ndipo ukapha mmodzi umamva mnzake akum'lila. Pamene tafika pa Abby, gemu ibwelela kumbuyo n'kutipatsa Abby yemweyo kuti tim'yendetse kwa maola ambili. M'pamene tidziwa kuti dokotala uja tinapha m'cipinda ca opaleshoni anali atate ake. Mlandu suola. Anthu amene tinawapha monga Ellie tsopano ni anzathu, tikudya nawo, tikuseka nawo. Potsilizila pake tikakamizidwa kumenya Ellie na manja a Abby. Osewela ambili anakwiya koopsa, ndipo mkwiyo umenewo unali mbali ya phunzilo.

Filimu sinakhulupilile kuti otamba angapilile cidani cotele. M'mphindi zoyambilila za sizoni yaciwili, Abby, woseweledwa na Kaitlyn Dever, aima pa manda ku Salt Lake City n'kulumbila kuti adzapha Joel, ndipo m'gawo laciwili amuuza yekha kuti dokotala uja anali atate ake. Timvetsa cifukwa cake olemba anacita izi. Wosewela amafika pa yankho m'masiku ocepa, pamene wotamba akanayembekeza zaka. Koma cotulukapo cake n'cakuti sitipatsidwa mpata wodana na Abby mwaumbuli, conco palibe cimene tidzacita naco manyazi pambuyo pake. Cimodzi-modzi kukambilana kothela kwa Joel na Ellie pa khonde. Gemu inakusunga mpaka kumapeto kweni-kweni, kuti tidziwe mocedwa kuti Ellie anali atangoyamba kuyesa kukhululuka. Filimu inakubweletsa m'gawo la 6. N'kokhudza mtima, Pascal na Ramsey anapeleka zonse, koma kunafika nkhani isanakufune. Sizoni itha na magawo 7, pamene tsiku loyamba la Abby ku Seattle likuyamba. Mayeso eni-eni ali m'sizoni yacitatu: kodi angatikondetse Abby popanda kutiika m'thupi mwake?

Tsopano tikambeko za kuno kwathu, cifukwa mkanganowu uli na kafungo kena. Ambili amene anatamba The Last of Us mu Zambia, pa DStv, pa Showmax kapena pa foni, sanaigwilepo gemu. PlayStation ni yodula. M'mashopu a magemu m'makomboni anthu amalipila kuti asewele mpila kapena Mortal Kombat, mphindi zocepa, wina akuyembekeza pad. Palibe amalipila maola 15 a nkhani imodzi, makanso masiku amene malaiti amangopita. Conco wosewela akauza wotamba kuti sangamvetse cifukwa sanasewele, nthawi zina amakhala akukamba za m'thumba, osati za nkhani. Ici ticikana. Filimu inafikitsa Joel na Ellie kwa makolo, kwa alongo athu, kwa anthu amene sadzagulapo PlayStation, ndipo misozi yawo pa Sam si yaciwili kwa ya wina aliyense. Cimene tikamba n'cakuti iwo na osewela anafunsidwa mafunso awili osiyana. Wotamba anafunsidwa kuti, kodi Joel anacita bwino? Wosewela anafunsidwa kuti, n'cifukwa ciani iwe sunaleke?

Mafunso onse awili ni olemela, maka-maka kwa anthu amene tinakulila pa mwambi wakuti mwana wa mnzako ni wako yemwe. M'mabanja mwathu mwadzala ana oleledwa na amalume, azakhali na agogo. Joel atenga mwana amene si wake n'kum'panga wake, ndipo pa ici timam'tamanda. Koma dokotala uja nayenso anali na mwana. Odwala onse amene katemela akanawateteza ni ana a anzathu. Mwambi umene utiuza kuti Joel anacita bwino ndiwo utiuzanso kuti analakwa. Ndipo pali Ellie, amene onse awili, Marlene na Joel, anam'sankhila popanda kum'funsa. Filimu imayala mlandu uwu bwino-bwino kuti tikambilane. Gemu siitipatsa mpando wokambilana, cifukwa pofika nthawi yoganiza timakhala titawombela kale.

Mwina phunzilo lili mu Fallout, imene Amazon inatulutsa mu April 2024. Opanga ake sanayese kubweleza nkhani ya gemu ina iliyonse. Anatenga dziko la magemuwo, n'kupangamo anthu atsopano na ulendo watsopano, conco palibe amene angaike filimu na gemu pambali n'kuwelenga zosowa. The Last of Us inasankha njila yovuta, yotsatila mapazi a gemu, ndipo tawonani: magawo ake opambana ni aja amene inapatuka. Jakarta, Bill na Frank, Sam na magazi a Ellie, kubadwa kwa Ellie. Pamene ikhala filimu, palibe ingaigonjetse. Pamene ibweleza gemu mau na mau, imatikumbutsa cimene cacotsedwa.

Conco tikafunsidwa ngati filimu yafika pa gemu, yankho lathu ni ili: pa nkhani yafika, pa anthu a m'mbali yapitilila, pa cipatala yatsala. Amene munatamba cabe, musalole wina akunyozeni. Koma ngati mnzanu ali na PlayStation ndipo angakubwelekeni kwa mlungu umodzi, pitani mukanyamule makwelelo aja, mukankhe thabwa lija, mufike pa citseko ca cipinda ca opaleshoni. Mukacokako mubwele mutiuze kuti munayima mphindi zingati musanadine batani.